Mvula ya ku Hewe imayambira ku nyanja ya mchere

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa atolankhani athu adayankhula ku Katowo, m'boma la Rumphi, pamaso pa mafumu, alimi ndi aphunzitsi. Tawasindikiza monga momwe adayankhulidwira.



Ndiyambe ndi kupepesa. Chitumbuka changa n'chothyokathyoka, moti nditati ndichiyese pano, ana a sukuluwa akhoza kuseka mpaka mawa. Choncho mundilole ndiyankhule m'Chichewa, ndipo pamene pavuta, abambo ali pambali pangawa atithandiza kumasulira. Koma nkhani ya chiyankhuloyi muisunge, chifukwa ndibwereranso kwa iyo ndisanakhale pansi. Chinanso, musandione ngati pulofesa. Ine sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira. Ntchito yanga ndi kufunsa ndi kulemba, basi.

Nditauza anzanga ku ofesi kuti ku Katowo ndikukakamba za nyanja ya mchere ndi anthu amene amaiyeza, adandiseka. Adati kodi wapenga? Anthu a ku Hewe akufuna kumva za mitengo ya fodya, za feteleza, za njovu za ku Vwaza zimene zimawathera chimanga, za msewu wochokera ku Rumphi umene andale amaukumbukira chisankho chikayandikira. Iwe ukukawauza za nyanja imene ambiri sadaioneko n'komwe? Ndidawayankha kuti akunena zoona, koma fodyayo ndi chimangacho zimamera ndi mvula, ndipo mvula kwawo ndi ku nyanja.

Mtambo umene mumauona ukuunjikana pamwamba pa Nyika mu Disembala sudabadwire pa Nyika. Madzi ake ena adakwera ngati nthunzi kuchokera pa nyanja yayikulu ya India, makilomita oposa 700 kum'mawa kwa kuno. Ena adabwera ndi mphepo yonyowa yochokera ku nkhalango za ku Congo. Pamene mphepo zimenezi zakumanirana ndi pamene pamagwa mvula, ndipo malo okumaniranawo amasuntha chaka ndi chaka. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zimawasuntha ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja za mchere. Madzi akatentha pang'ono chabe kuposa masiku onse, digiri imodzi kapena awiri, pa dera lalikulu ngati mayiko angapo, mphepo za dziko lonse zimasintha njira. Mvula imene ikadagwa kwa inu imakagwa kwa ena.

Dzina loti El Niño mudalimva pa wailesi. Adalipereka ndi asodzi a ku Peru, amene ankaona kuti zaka zina, cha pa Khirisimasi, madzi a nyanja ya Pacific kwawoko amafunda ndipo nsomba zimathawa. Kwa zaka zambiri idali nkhani ya asodzi okhaokha. Mu 1982 ndi 1983 kudabwera El Niño wamkulu zedi amene adadzidzimutsa ngakhale akatswiri: adamuzindikira atafika kale, chilala chitayamba kale ku Australia ndi kuno kumwera kwa Africa. Manyazi amenewo ndi amene adachititsa kuti amangirire zida zoyandama pafupifupi 70 pakati pa Pacific, ntchito imene idatha mu 1994. El Niño wa 1997 adamuona akubwera kudakali miyezi. Chaka chomwecho mayiko a SADC adayamba kukumana mvula isanayambe kuti agwirizane ulosi wa nyengo ya dzinja, ndipo msonkhano woyamba udachitikira ku Kadoma, ku Zimbabwe. Mu 1999 akatswiri adatsimikizanso kuti nyanja ya India nayo ili ndi khalidwe lakelake: zaka zina mbali yoyandikana ndi Africa imafunda pamene ya ku Indonesia ikuzizira, ndipo zikatero ku Kenya ndi ku Tanzania kumagwa chimvula.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira chilala cha 1992 kuposa ine, amene ndidali ndisanabadwe. Mukukumbukira chimanga chachikasu cholandira. Mukukumbukiranso kuti masiku amenewo wailesi idali imodzi, nyuzipepala zidali za mwini mmodzi, ndipo kunena kuti kwathu kuli njala udali mlandu, chifukwa zimene zinkaloledwa kunenedwa n'zakuti dziko lino ndi la mwanaalirenji. Amene mudali ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Harare nthawi imeneyo mudzandichitira umboni kuti nthawi zina za njala ya kwanu munkazimva msanga kuposa abale anu amene ankaimva m'mimba. Ndikukumbutsa zimenezi chifukwa nkhani ya ulosi wa zanyengo si ya sayansi yokha. Ndi nkhani ya yemwe ali ndi ufulu wodziwa, ndiponso nthawi imene aloledwa kudziwa.

Tsono lero nyanja zimayezedwa bwanji?

Pali zida zina zimene amazitcha Argo. Zidayamba kuponyedwa m'nyanja cha m'ma 2000, zidakwana 3,000 mu 2007, ndipo pano zilipo pafupifupi 4,000, zomwazikana m'nyanja zonse za mchere. Chilichonse n'chooneka ngati mpope wotseka mbali zonse, chotalika ngati mwana wa sukulu. Amachiponya m'madzi kuchokera pa sitima n'kuchisiya. Chimamira chokha mpaka mamita 1,000, n'kumangotengeka ndi madzi kwa masiku pafupifupi 9. Kenaka chimatsikanso kufika mamita 2,000, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono chikulemba kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere. Chikatulukira pamwamba chimatumiza zonse ku setilaiti, n'kumiranso. Chimatero masiku 10 aliwonse kwa zaka zinayi kapena zisanu, mpaka batire litatha. Kuti muone kuya kwake, pamalo pozama kwambiri pa nyanja yathu ya Malawi ndi mamita 700 okha.

Palinso zida zomangirira ndi nangula pakati pa nyanja ya India, zoyeza mphepo, mvula ndi kutentha. Kumwamba kuli masetilaiti amene kuyambira 1992 akhala akuyeza msinkhu wa madzi a m'nyanja mosaphonya kuposa masentimita ochepa, pakuti madzi otentha amafufuma, ndiye pamene nyanja yatukumuka ndi pamene pabisala kutentha. Zonsezi zimathiridwa m'makompyuta akuluakulu ku Ulaya, ku America, ku Japan, ku India, amene amawerengera mmene mphepo ndi madzi zikhalire mawa, sabata yamawa ndi miyezi itatu ikubwerayi.

Chimene ine chimandigwira mtima pa Argo si luso lake ayi. N'chakuti zimene zida zija zalemba zimaikidwa poyera pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, kuti aliyense atenge: wopanda kulipira, wopanda kalata ya chilolezo, wopanda kufunsidwa kuti ndiwe wa chipani chanji. Muzisunge zimenezi, tizifanizira ndi za kwathu posachedwa.

Za anamondwe a mbali yathu ino ya nyanja ya India, mlonda wamkulu ali pa chilumba cha La Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, komwe kuli ofesi ya Météo-France imene idapatsidwa udindowu mu 1993. Namondwe amabadwa pamene madzi a pamwamba afika madigiri 26 kapena 27, ndipo amadya kutentha kumeneko monga moto umadyera udzu. Akakwera pamtunda amafooka. Akabwerera pa madzi ofunda amatsitsimukanso. A ku La Réunion amamulondola usana ndi usiku, n'kumatumiza uthenga kangapo pa tsiku ku mayiko onse a chigawo chino, kuphatikizapo nthambi yathu yoona zanyengo ku Blantyre.

Makolo ankati chakudza sichiimba ng'oma. Namondwe wa Freddy adaimba ng'oma kwa mwezi wathunthu. Adabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, adawoloka nyanja yonse ya India, adamenya Madagascar pa 21 Febuluwale, adalowa Mozambique cha ku Vilankulo pa 24, adabwereranso m'madzi ofunda a pakati pa Mozambique ndi Madagascar kukatenga mphamvu zina, ndipo pa 11 Malichi adalowanso pamtunda pafupi ndi Quelimane. Bungwe la zanyengo la dziko lonse lidalengeza pambuyo pake kuti adakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense wolembedwa m'mabuku, ndipo adayenda makilomita oposa 12,000. Paulendo wonsewo palibe tsiku limene adasowa m'maso mwa alonda. Nthambi yathu yoona zanyengo idachenjeza kudakali masiku. Sukulu za m'maboma a kumwera zidatsekedwa.

Komabe anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa 600,000 adasiya nyumba zawo.

Ndidapita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope asanaume. Ambiri amene ndidacheza nawo chenjezo adalimva, ena pa wailesi, ena pa foni, ena ku tchalitchi. Koma kumva kuti kukubwera namondwe ndi kwina, kudziwa kuti nyumba yako yeniyeniyo ili m'njira ya miyala ndi kwinanso. Ndipo ukati uthawe, uthawira kuti? Katundu umusiyira ndani? Lendi ya mwezi umenewo udalipira kale. Uthenga udayenda makilomita zikwizikwi kuchokera pakati pa nyanja, kudutsa mu setilaiti, kudutsa ku La Réunion, kufika ku Blantyre bwinobwino, n'kudzafookera pa makilomita asanu otsiriza, pakati pa ofesi ndi khomo la mayi wogulitsa makala. Amene adalephera si makompyuta. Ndipo sikudali koyamba: napolo adagumula Zomba mu Disembala 1946, adapha anthu mazana ku Phalombe mu Malichi 1991, Idai adabwera mu 2019, Ana mu Januwale 2022 adaphwasula damu la Kapichira n'kutisiya mu mdima kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Tidali ndi nthawi yokwanira yophunzira.

Mwina wina akuti zimenezo n'za kumwera, kuno anamondwe safika kawirikawiri. Chabwino, tiyeni tibwere kwathu. Boma lino la Rumphi lili ndi nyanja yake. Mukatsika ku Chiweta, mukafika ku Chitimba kapena ku Mlowe, mupeza abale anu amene munda wawo ndi madzi. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, itangoyenda maulendo ochepa, idali ikuwoloka kuchokera ku Mbamba Bay pamene mafunde adaigubuduza kufupi ndi Chitimba, pamene azungu ankapatcha Florence Bay. Anthu 145 adamira. Idali nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kumwera imene imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, n'kumakankha madzi m'litali lonse la nyanja, makilomita oposa 500, moti mafunde akamafika kumpoto kuno amakhala atakula msinkhu. Woyendetsa Vipya adalibe chida chilichonse pakati pa nyanja chomuuza kutalika kwa mafunde amene adali patsogolo pake.

Funso langa ndi lakuti: mnyamata amene akupalasa bwato usiku uno kuchokera ku Mlowe, ndi nyali zake, kukasaka usipa, akudziwa zochuluka bwanji kuposa woyendetsa Vipya? Tinene chilungamo, zinthu zasinthako. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za mwera, ndipo mawailesi amaulutsa. Kuyambira 2017, ntchito ya M-CLIMES, ya ndalama za Green Climate Fund kudzera ku UNDP, idaika zida zoyezera nyengo zodzilembera zokha m'maboma ambiri, zina m'mitsinje, ndi zina zoyandama pa nyanja ya Malawi zoyeza mphepo ndi mafunde. Imeneyi ndi ntchito yabwino ndipo amene adaigwira ayamikidwe. Koma chaka ndi chaka, mwera ukayamba, ife atolankhani timalembabe nkhani ija yomweyo: bwato lagubuduzika, asodzi asowa, mitembo yapezeka patapita masiku. Chenjezo loti pa nyanja pakhala mwera ndi lalikulu kwambiri kwa munthu amene akufuna kudziwa ngati pakati pa usiku ndi m'bandakucha, pa gombe lake, angapite ndi kubwerako. Ukamuuza kuti asapite sabata yonse, ana adya chiyani? Apita basi. Ndipo mwerawo sudziwa kuti Malawi ndi Tanzania amakanganirana malire a m'madzi. Umamiza wa ku Mbamba Bay ndi wa ku Usisya mofanana, choncho kuyeza nyanja imeneyi kumafunika mayiko onse atatu, ndi Mozambique yemwe.

Inu a m'tauni amene mudzawerenge mawu awa musaganize kuti zikukhudza asodzi okha. Madzi a kuno ku Hewe amatsikira ku dambo la Vwaza, n'kulowa mu South Rukuru, n'kudutsa pa Njakwa mpaka kukathira m'nyanja pa Mlowe. Pamodzi ndi a North Rukuru, Songwe, Ruhuhu wa ku Tanzania, Bua ndi mitsinje ina, ndiwo amadzaza nyanja. Ambiri mwa madzi amenewa amauluka ndi dzuwa. Otsalawo amatuluka pa khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, kumene kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kochokera magetsi ochuluka a dziko lino. Ndiye kuti mvula ya ku Katowo ndiyo imayatsa babu ku Ndirande.

Msinkhu wa nyanja yathu wakhala ukulembedwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo amauwerenga pa Chilumba, pa Nkhata Bay ndi pa Monkey Bay. Mabuku amenewo ali ndi nkhani yoopsa imene ana athu saphunzitsidwa mokwanira: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idatsika kwambiri moti madzi adaleka kutuluka kulowa mu Shire. Zaka makumi awiri! Nthawi imeneyo kudalibe Nkula. Zitachitika lero, dziko lonse lingakhale ngati Katowo usiku. Chotsekera madzi cha pa Liwonde, chomangidwa mu 1965, chimathandiza kusunga ndi kutulutsa madzi mwa muyeso, koma amene akuchiyendetsa ayenera kudziwa lero mvula imene idzagwe kumpoto miyezi ikubwerayi. Akatulutsa ambiri, tiona kuzimazima kwa magetsi ngati kwa 2016 ndi 2017. Akasunga ambiri mvula n'kuchuluka, madzi amalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, monga tidaonera ku Mangochi ndi ku Salima mu 2024. Kuweruza kumeneku kumadalira ulosi, ndipo ulosiwo umayambira pa zida zija zoyandama ku Pacific ndi ku nyanja ya India.

Tsopano ndifike pamene pandibweretsa kuno. Wailesi ikanena kuti chaka chino kuli El Niño, anthu ambiri amamva kuti chilala, dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Si choncho. Malawi ndi dziko lalitali, ndipo lagona pamalire a nyengo ziwiri. El Niño kawirikawiri amaumitsa kumwera kwa Africa koma amanyowetsa kum'mawa kwa Africa, ndipo chigawo cha kumpoto chino chili pakati, nthawi zambiri chopendekera ku Tanzania. Mu dzinja la 2015 mpaka 2016 kumwera ndi pakati kudapsa, anthu oposa 6 miliyoni adafuna thandizo la chakudya, pamene ku Mzuzu mu Epulo 2016 mvula idali kugwetsa nyumba. Mu Malichi 2024 a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, adalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, chonsecho masabata ochepa m'mbuyo mwake madzi osefukira adali atasamutsa anthu ku Nkhotakota ndi ku Karonga. Mlimi wa ku Katowo amene angamvere uthenga wokonzedwera mlimi wa ku Balaka akhoza kugula mbewu yolakwika. Ndiponso ngakhale m'boma lomwe lino, mvula ya pa Nyika si ya ku Bolero, kumene phiri limatchinga mitambo, ndipo ya ku Bolero si ya ku Mphompha.

Nthambi yoona zanyengo imadziwa zimenezi. Chaka chilichonse, mvula isanayambe, imatulutsa ulosi wa dziko lonse, kenaka n'kuugawa boma ndi boma. Ulosi wa Rumphi umakhalapo. Ndifunse, ndipo mukweze manja mosaopa: ndi angati pano amene adauonapo kapena kuumva, asanagule mbewu? Ndikuona manja a alangizi ndi a aphunzitsi awiri. Zikomo, tsitsani.

Apa ndi pamene ndikubwerera ku chiyankhulo. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chidabwereranso mu 1994 matipate atalowa. Kwa zaka 26 agogo a kuno ankamva za nyengo, za matenda a ng'ombe, za mitengo ya mbewu m'chiyankhulo chimene sadayamwe. Lero palibe lamulo loletsa, koma chizolowezi chidatsala: chikalata chimalembedwa m'Chingerezi, chikachita mwayi chimamasuliridwa m'Chichewa, ndipo chikamafika ku Hewe mvula yoyamba idagwa kale. Ine ndemwe ndaima pano ndikuyankhula Chichewa, choncho chala ndikudzilozanso ndekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma akutsine m'chiyankhulo chimene ukumva.

Ndipo akutsine moona. Ulosi wa nyengo si ula. Akatswiri sanena kuti pa 10 Disembala kugwa mvula. Amanena kuti mwayi woti mvula ichuluke ndi waukulu kuposa woti ichepe. Zili ngati munthu wodziwa ng'ombe akakuuza kuti thadzi ili likuoneka kuti libereka bwino: nthawi zambiri amalondola, nthawi zina amaphonya. Amene amabweretsa uthenga kumudzi ayenera kunena zimenezi poyera, chifukwa ukauza mlimi motsimikiza kuti kuli chilala, mvula n'kugwa yambiri, chaka chamawa sadzakumveranso ngakhale ukunena zoona. Nawo madoda amene amayang'ana maluwa a mango, mbalame, nyerere ndi kumene mphepo ikuchokera asanyozedwe. Iwo akuona za pano, chida cha m'nyanja chikuona za kutali. Mlangizi wanzeru amawakhazika pa mphasa imodzi.

Ndidakuuzani kuti musunge nkhani ya Argo, yoti aliyense amatenga zolembedwa zake kwaulere. Chaka china ndidapita ku ofesi ina, sinditchula dzina, kukapempha chiwerengero cha mvula ya dera limodzi kwa zaka khumi. Adandiuza kuti ndilembe kalata. Ndidalemba. Nditabwerako adati kalatayo sikuoneka, ndilembenso. Ulendo wachitatu adati abwana osayina ali ku semina ku nyanja. Madzulo a tsiku lomwelo, pa foni yanga yosweka galasiyi, ndidatha kuona kutentha kwa madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar a sabata yomweyo. Za pansi pa nyanja ya eni ndidazipeza m'mphindi zisanu. Za mvula yogwa pa denga la amayi anga zidandikanika miyezi iwiri. Chonsecho ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo lolongosola ufuluwu lidavomerezedwa ku Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2016, ngakhale lidachita kudikira mpaka pa 30 Sepitembala 2020 kuti liyambe kugwira ntchito. Mvula si chinsinsi cha asilikali. Amene adaiyeza adalipidwa ndi msonkho wa pa sopo ndi mchere umene mumagula pa Katowo pano.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa tulo. Maso onse amene ndatchulawa ndi obwereka. Pafupifupi theka la zida za Argo amalipira ndi America. Nthawi ya Covid-19 sitima zitaleka kuyenda, zida zambiri zomangirira m'nyanja ya India zidazima chifukwa padalibe wokazikonza. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja, FEWS NET, imene kuyambira 1985 yakhala ikuchenjeza mayiko ngati lathu za njala, idatsekedwa kwa miyezi ingapo isanatsegulidwenso. Palibe adatifunsa. Sitingagule setilaiti, zimenezo n'zoona, ndipo palibe manyazi kugawana maso ndi dziko lonse. Koma batire la chida choyandama pa nyanja yathu, mafuta a boti lokachikonza, malipiro a munthu wowerenga msinkhu wa madzi pa Chilumba, zimenezi si za Green Climate Fund mpaka muyaya. Pulojekiti ikatha, galimoto zolembedwa m'mbali zija zikapita, adzasinthe batire ndani? Aphungu athu akamakambirana bajeti, mudamvapo wina ataimirira kufunsa kuti nthambi yoona zanyengo yapatsidwa zingati? Amafunsa za alawansi. Funso limeneli mukawafunse ndinu akabwera kudzapempha mavoti, ndipo khansala mum'funse kuti ulosi wa Rumphi wa chaka chino uli kuti, bwanji sudakhomedwe pa chipatala, pa msika ndi pa tchalitchi, m'Chitumbuka, mu Okutobala.

Pali ntchito ina imene simufunika kudikira munthu wa ku Lilongwe. Makompyuta aja ndi anzeru, koma za Katowo amangoyerekeza ngati palibe wowauza mvula imene idagwadi pa Katowo. Ku Bolero kuli siteshoni ya zanyengo, koma Bolero si Hewe. Choyezera mvula ndi kachitini chabe kokhala ndi manambala, kokhomedwa pa mtengo pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. Amawerenga kamodzi pa tsiku, 8 koloko m'mawa, n'kulemba m'kope, n'kutaya madziwo. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Alangizi adzakuuzani kuti mvula yobzalira ndi ya mamilimita pafupifupi 25 m'masiku atatu, osati kawaza kaja kamene kamanyenga anthu mu Novembala mbewu n'kupsera m'nthaka. Sukulu iliyonse ya kuno itakhala ndi kachitini kameneka, ana a Sitandade 7 n'kumasinthana kuwerenga, pakutha pa zaka zisanu mudzakhala ndi buku limene palibe ofesi ingakuuzeni kuti mulembe kalata kuti mulione. Likhale la mudzi, lokhomedwa poyera, ndipo kope lina lizipita kwa alangizi kuti likafike ku Blantyre.

Ndabwera ndi zoyezera ziwiri m'chikwamamu, zogula ndi ndalama zanga, choncho musandifunse za alawansi ya msonkhano uno. Aphunzitsi aakulu agwirizane okha kuti ziyambire sukulu ziti. Ine za kugawa ndaziopa, ndidaona mmene makuponi amathetsera chibale. Tikatha pano tipite pabwalo ndikuonetseni kakhomedwe kake dzuwa lisanalowe, chifukwa galimoto yobwerera ku Rumphi akuti ikadzadza sidikira munthu.